Musanawatchule a Chilembwe, tamverani kaye

Adzukulu anga mwandifunsa ngati ndi mwano kumalemba pa Facebook kudzudzula akuluakulu za mjigo wa m'mudzi mwanu womwe unafa kalekale, poti makolo akukukalipirani, ndiye mwati nanga a Chilembwe sankayankhula mosaopa? Eya ankayankhula. Koma inuyo mumangodziwa usiku umodzi wa pa 23 January 1915 womwe iwo ndi anthu awo anaukira atsamunda, zaka 14 za m'mbuyo mwakemo simuzitchula n'komwe.

A John Chilembwe anayamba ngati wantchito wapakhomo pa mmishonale Joseph Booth mu 1892, mzungu wovuta uja ankati Africa ndi wa anthu akuda, ndiye mu 1897 anatengana wa ku America n'kukaphunzira zaubusa ku Lynchburg, Virginia. Kumeneko anatola nzeru yoti munthu wakuda adzitukule yekha ndi sukulu komanso ntchito zamanja, osadikira chifundo cha mzungu. Nzeru imeneyi anaimva ambiri, koma iwowa atabwera mu 1900 sanakhale pansi pa mtengo n'kumangoifotokoza ayi, anapeza malo ku Mbombwe ku Chiradzulu n'kuyambitsa Providence Industrial Mission, PIM mumaimvayi, analima thonje ndi khofi, anatsegula masukulu moti pofika 1912 ana anali cha m'ma 1,000 kuphatikizapo akuluakulu mazanamazana ophunzira nawo, azimayi ankaphunzira kusoka kwa mayi Ida akazi awo ndi kwa Emma DeLaney wochokera ku America, tchalitchi chachikulu cha njerwa chinatha mu 1913. Ankaletsa mowa, ankafunanso munthu wawo azitchena mwaudongo kuti mzungu asowe pomunyozera. Inu okhwefula mathalauza sindikudziwa ngati mukanalowa pageti.

Tsono anthu awo ankazunzika ndi thangata ku esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kugwira ntchito miyezi m'malo mwa lendi, ndipo manijala wake William Jervis Livingstone ankawotcha timatchalitchi taudzu ta PIM pa esitetipo. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itafika ku Karonga mu 1914 abusawa analemba kalata ku Nyasaland Times kufunsa kuti amphawi akuda akuferanji pa nkhondo ya eni ake, kusiya amasiye. Boma linaitsekereza kalatayo. Koma taonani apa, pansi pake anasaina dzina lawo lenileni, boma likudziwa pomwe amagona. Inu mumatukwana amfumu ndi akaunti ya dzina lopeka, chithunzi mwaika cha mkango, ndiye muzidziyerekeza ndi munthu ameneyu?

Za usiku uja ine sindiombera m'manja zonse. Kudula mutu wa Livingstone si chinthu chouza mdzukulu kuti atengere, ngakhale nkhanza zake zinali zoona. A Chilembwe anaomberedwa pa 3 February 1915 chakufupi ndi Mulanje, otsatira awo ambiri ananyongedwa, tchalitchi chija boma linachiphulitsa, mishoni inakhala yotseka mpaka 1926 pomwe Dr Daniel Malekebu, mwana wa pasukulu yomweyo amene anakaphunzira udokotala ku America, anadzaitsegulanso. Mukamaona nkhope yawo pa K2,000 muzikumbukanso sukuluyo, osati mkondo wokha.

Ndiye funso lanu ndiyankha chonchi, kudzudzula chinthu cholakwika si mwano, mwano ndi kulumpha anthu amene mumadya nawo pamaliro n'kukawavula pagulu musanawafunse. Walira mvula walira matope, mukufuna madzi ndiye lolani kudetsa manja. Pitani kwa anyakwawa muli atatu kapena anayi, chipewa m'manja, foni m'thumba, mukhale pansi kaye mulonjerane, mupemphe kuti akaitanitse akomiti ya mjigo pabwalo. Pamenepo funsani mwaulemu koma osazungulira, ndalama zosonkha mwezi ndi mwezi zija zinalipo zingati, kope lake lili ndi ndani, chafa ndi chani, labala kapena paipi, makaniko akufuna zingati. Ya bandulo ya sabata ino muiponye m'mbale inuyo poyamba anthu akuona, makaniko akabwera mukamugwirire mapaipi.

Mukakapeza kuti ndalama zinadyedwa ndipo bwalo lakana kuweruza, pitani kwa agulupu, zikakanika kwa a T/A. Zikakanikanso kumeneko lembani ndithu, ine ndidzakuwerengerani, bola pansi pake pakhale dzina lomwe anakupatsani amayi anu.