Kuphatikiza mbira, gitala ya sebene ndi ng'oma za vimbuza pa siteji imodzi

Achimwene, mwati mu Julayi muli ndi phwando la zoimbaimba kuno ku Mzuzu, mwaitana woimba mbira (chida cha mano achitsulo choimbidwa ndi zala) wa ku Zimbabwe, wagitala wa sebene (kaimbidwe kovinitsa ka gitala mu rumba) wa ku Congo ndi anyamata a ng'oma za vimbuza, ndipo mukufuna aimbire limodzi ndi bandi yanu m'malo mongosinthana pa siteji. Zimatheka ndithu, bola mugwire mfundo iyi: chida chimene sichichunidwa msanga ndicho chitsogolere, ena onse atsatire.

Pa gulu lanulo chida chimenecho ndi mbira. Mbira ya Ashona yotchedwa dzavadzimu imakhala ndi mano achitsulo 22 mpaka 28, ndipo wosula amaichuna motsatira khutu la kwawo, sayendera 440 Hz, muyezo wa kachunidwe umene uli mu kiyibodi yanu. Kuti isinthe mpofunika kukhoma dzino lililonse ndi kanyundo, ndipo mwini wake sangalole zimenezo chifukwa cha usiku umodzi. Ndiye mlenduyo asananyamuke ku Harare, mupempheni ajambule mawu a dzino lililonse palokha, kuyambira lapansi, atumize pa WhatsApp. Yezani mawuwo ndi tyuna, kachipangizo kochunira zida, kuti muone kiyi imene ali pafupi nayo ndi mmene apatukira. Kenako sunthani nambala ya tyuna, kaya ifike 435 kaya 446, ndipo gitala ndi bezi zichunidwe pamenepo. Wa kiyibodi asakhudze transpose, chifukwa imalumpha kiyi yathunthu. Alowe pa master tune, imene imasuntha pang'onopang'ono. Ngakhale atatero, mano ena adzagwabe pakati pa makiyi awiri. Apa wa kiyibodi achepetse dzanja: agwire mawu oyamba ndi achisanu a kodi (chord, mawu ogwidwa pamodzi), achitatu awasiye, poti ndi amene amalimbana kwambiri ndi mbira. Akadzaza makodi ngati ali m'tchalitchi, anthu adzangoti mbira ndi yomasuka pamene ilibe vuto.

Chovuta kwenikweni ndi kawerengedwe. Nyimbo zambiri za mbira zimazungulira pa timagunda 48, zigawo zinayi za 12, ndipo ng'oma za vimbuza nazo zimayenda patatupatatu, choncho awiriwa sachedwa kumvana. Sebene imayenda panayi. Mukangoti aliyense aimbe zake, wa ng'oma za bandi amakokera kwa wagitala, a ng'oma zachikopa amakokera kwa wa mbira, bezi n'kusowa kolowera. Njira zilipo ziwiri. Wagitala aimbe mizere yake patatupatatu nyimbo yonse, kapena nyimbo igawidwe: iyambe ndi mbira ndi ng'oma, pafike chizindikiro chogwirizana, onse aime kamodzi, sebene ilowe. Yachiwiriyi ndi yosavuta ndipo anthu amaikonda chifukwa amadziwa poyambira kuvina.

Mugwirizanenso kuti "wani", kagunda koyambira kuwerenga, ali pati. Woimba mbira amatha kulowa paliponse m'mzere wake, ndiye pamene iye akumva chiyambi mwina wa bezi akumva pakati. Tsiku loyamba, zida zonse pansi: wa mbira aimbe yekha, wa hosho (tizipanda togwedeza toperekeza mbira) agwedeze, ena onse aziwomba m'manja mpaka manja agwere pamodzi. Mphindi makumi awiri zimenezi musazione ngati zotayika. Munthu mmodzi yekha, wa hosho kapena wa visekese, ndiye asunge liwiro usiku wonse, ndipo amveke mu monita (spika yoloza oimba) ya aliyense.

Musalakelake nyimbo khumi. Masiku atatu oyeserera amakwanira nyimbo zinayi kapena zisanu zoimbira limodzi, mbali iliyonse ibweretse yake ndipo mwini nyimbo ndiye aphunzitse. Alendo aphunzire kolasi yokha m'Chitumbuka, inunso kolasi yokha m'Chishona kapena Chilingala, ndipo mufunse tanthauzo la mawu musanawaimbe pagulu. Pa vimbuza samalani kwambiri. Ndi gule wa machiritso, UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo pali nyimbo zoitanira mizimu zimene zikalira wina m'gulu la oonerera akhoza kugwidwa pomwepo. Mkulu wa ng'omazo asankhe yekha zoyenera pa siteji. Wa mbira naye ali ndi nyimbo za ku bira, mwambo wa mizimu wa Ashona, zimene sangafune kuziika pansi pa sebene, akakana musamukakamize.

Ku saundi, mbira ndi imene imamira. Ngati ili ndi pickup (kachipangizo kotola mawu komatidwa pa chidacho), idutse mu DI box (kabokosi kolumikizira chida ku mikisa), ndipo batire ya 9V yapadera ikhale m'thumba ngati pickup yake ndi yodya batire. Ngati ilibe, maiki iloze m'kati mwa chipanda chake chija amati deze, ndipo monita isayang'ane chipandacho, apo ayi spika idzalira tswii nyimbo isanafike pakati. Dulani mawu onse a pansi pa 100 Hz pa chanelo yake. Kunjenjemera kwa zitsekero za mabotolo zomwe amakhoma pa deze ndi mbali ya nyimbo, wa mikisa asakuchotse poganiza kuti waya wawonongeka. Ng'oma zachikopa zikhale mamita atatu kapena anayi kuchokera pa mbira, ndipo mu holo yaing'ono sizifuna maiki nkomwe. Poyesa saundi yambani ndi mbira ndi mawu a oimba, zaphokoso zibwere pambuyo n'kukwezedwa mpaka pamene mbira ikumvekabe. Ampu ya wagitala ikwezedwe pa mpando, iloze khutu lake, kuti asamangowonjezera voliyumu.

Kuzizira kwa Julayi kuno mukukudziwa, ndi kamvula kowaza kaja. Chikopa chimalefuka pakangotha nyimbo ziwiri kapena zitatu, ng'oma n'kuyamba kulira ngati chidebe. Ikani mbaula ya makala kuseri kwa siteji, panja pomwe pali mpweya, ndi mnyamata wowamba ng'oma. Zikakhalapo ziwiriziwiri, ina izilira ina ili pamoto. Magitala atuluke m'zikwama theka la ola phwando lisanayambe kuti nsambo zizolowere kuzizira, kenako achunidwenso. Jenereta ikhalepo, ndipo saundi ikhale pa waya wakewake, osagawana ndi mafiriji kapena magetsi a siteji, chifukwa ndiko kumachokera kung'ung'udza kwa m'maspika.

Za mapepala: pitani ku ofesi ya Immigration kuno ku Mzuzu kudakali mwezi phwando lisanachitike mukafunse chilolezo choyenera alendo odzaimba molipidwa, ndipo laisensi ya COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, itengedwe tsiku lisanafike. Lembani pangano losainirana lonena malipiro a aliyense, ndalama yake ndi ya dziko liti, adzalandira liti, komanso mwini wa kanema ndi mawu amene mudzajambule ndani. A ng'oma za vimbuza alembedwe maina m'panganolo ndi pa chikwangwani mofanana ndi alendo aja, ndipo malipiro awo akambidwe tsiku lomwelo limene mukukamba a enawo.