Musafomate disikiyo: vuto lili pa Fast Startup ndi pa fstab

Mwalemba kuti kompyuta yanu ili ndi Windows 11 ndi Ubuntu, kuti disiki yachiwiri imene mumasungiramo mafayilo a ntchito imatseguka mu Ubuntu koma siilola kusungamo kapena kufufutamo kanthu, ndiponso kuti chiwonjezereni mzere wa /dev/sdb1 mu /etc/fstab (fayilo imene imauza Ubuntu madisiki oti itsegule poyaka), tsiku lina kompyutayo imayaka bwinobwino, tsiku lina imaima kwa kanthawi kenako n'kugwera mu emergency mode, pamene imangokupatsani malo olembapo malamulo m'malo moyaka monse. Mwafunsa ngati kufomata kungathandize. Musafomate. Malinga ndi zimene mwafotokozazi, partition yanu (chigawo cha disiki chimene muli mafayilowo) sinawonongeke, ndipo mukaifomata mudzataya mafayilo pachabe, mavuto onse awiri ali pomwepo.

Vuto loyamba likuchokera ku Windows. Kuyambira pa Windows 8, yomwe inatuluka mu 2012, pali chinthu chotchedwa Fast Startup chimene nthawi zambiri chimabwera choyatsidwa kale. Mukadina Shut down, Windows sizima kwenikweni. Imatseka mapulogalamu anu, koma zina zonse imazisunga mu fayilo ya hiberfil.sys kuti idzayake msanga, ndipo ma partition a NTFS (kasungidwe ka mafayilo ka Windows) imawasiya ngati akugwirabe ntchito. Ubuntu ikapeza disiki ili choncho imakana kulembamo, ndipo imachita bwino kutero, chifukwa Windows ikadzadzuka imapitiriza ndi chithunzi chakale cha disikiyo chimene inasunga, moti zomwe mwasintha muli ku Ubuntu zikhoza kusowa kapena kusokoneza mafayilo ena.

Lowani mu Windows, tsegulani Control Panel, pitani pa Power Options, kenako pa Choose what the power buttons do, ndipo muchotse chizindikiro chimene chili pa Turn on fast startup. Ngati simugwiritsa ntchito hibernation (kuzimitsa kompyuta itasunga zonse zimene munatsegula), ndi bwino kungotsegula Command Prompt monga administrator n'kulemba powercfg /h off, popeza lamulo limeneli limazimitsa zonse ziwiri kamodzi. Muli pomwepo lembani chkdsk D: /f, lamulo lofufuza ndi kukonza zolakwika pa disiki, koma muike chilembo chenicheni cha disiki yanu m'malo mwa D, ndipo muidikire mpaka imalize. Ena adzakuuzani kuti mungogwiritsa ntchito ntfsfix ku Ubuntu. Ine sindikulimbikitsa zimenezo pamene Windows muli nayo pafupi, chifukwa ntfsfix imakonza zolakwika zochepa chabe ndipo siilowa m'malo mwa chkdsk. Kukakamiza mount (kutsegula disiki) ndi remove_hiberfile kapena force ndiye kupeweni ndithu pa disiki imene ili ndi ntchito yanu.

Mukabwerera ku Ubuntu disikiyo n'kukanabe, lembani sudo dmesg pa terminal muwerenge mizere yomalizira. Linux ili ndi madalaivala awiri odziwika a NTFS: ntfs-3g yakale ija, ndi ntfs3 ya kampani ya Paragon Software imene inalowa mu kernel 5.15 mu 2021. Yoyambayo ikapeza disiki yosatsekedwa bwino imaitsegula kuti muzingowerenga, pomwe yachiwiriyo imakaniratu n'kulemba kuti volume is dirty. Mawuwo amaopsa, koma mankhwala ake ndi chkdsk yomweyo.

Vuto lachiwiri, la emergency mode, gwero lake ndi mzere mwalemba mu fstab uja. Dzina lakuti /dev/sdb1 si dzina lokhazikika la disiki. Linux imapereka zilembozi potengera disiki imene yaizindikira poyamba poyaka, choncho mukaiwala flash pa kompyuta, kapena disiki ina ikachedwa kudzuka, imene inali sdb dzulo lero ikhoza kukhala sdc. Zikatero systemd, pulogalamu imene imayendetsa kuyaka kwa Ubuntu, imadikira masekondi 90 kufunafuna partition imene mwaitchulayo, ikalephera kuipeza kapena kuitsegula imaimitsa zonse, poganiza kuti disikiyo ndi yofunika kuti kompyuta iyake.

Chosasintha ndi UUID, nambala yapadera yozindikiritsa partition iliyonse. Lembani lsblk -f, ndipo mudzaona ma partition onse, mtundu wake ndi UUID yake. Ya NTFS imakhala ya zilembo ndi manambala 16. Musanakhudze fstab, ikopereni pambali ndi sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.bak, pangani foda ndi sudo mkdir /mnt/data, kenako mzere wakale uja muulowetse m'malo ndi uwu, muike UUID ya partition yanu pamene palembedwa yanuyo:

UUID=yanuyo /mnt/data ntfs-3g defaults,nofail,uid=1000,gid=1000 0 0

Mawu akuti nofail ndi amene adzalole kompyuta kuyaka ngakhale disikiyo itasowa. Za uid ndi gid, zimene zimatchula mwini wa mafayilo ndi gulu lake, n'zofunika chifukwa NTFS siisunga umwini wa mafayilo mofanana ndi ext4 ya Linux, ndipo 1000 ndi nambala ya akaunti yoyamba kupangidwa pa Ubuntu. Lembani id kuti mutsimikize yanu. Musazimitse kompyuta musanayese. Lembani sudo findmnt --verify, kenako sudo systemctl daemon-reload ndi sudo mount -a. Ngati pali cholakwika chidzaonekera pomwepo, mudakali ndi mwayi wochikonza mosavutikira. Ngati pakali pano kompyutayo ikukana kuyaka, iyatseni ndi flash imene munaikira Ubuntu, tsegulani fstab ya pa disiki yanu, ndipo muike # kumayambiriro kwa mzere wovutawo.

Pali zinthu ziwiri zimene zingasinthe langizo langali. Ngati lsblk -f ikuonetsa BitLocker m'malo mwa ntfs, ndiye kuti Windows inakhoma disikiyo, ndipo musanachite china chilichonse pezani recovery key ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Chachiwiri ndi thanzi la disikiyo. Ikani smartmontools, lembani sudo smartctl -a /dev/sdb potengera dzina limene lsblk yaonetsa nthawi imeneyo, ndipo muyang'ane Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector. Manambala amenewa akakhala kuti akukwera, kapena dmesg ikamaonetsa I/O error, disikiyo yayamba kufa, ndipo chkdsk ingangoipweteka. Pamenepo choyamba ndi kukopera zonse pa disiki ina ndi pulogalamu ya ddrescue, zokonza zibwere pambuyo.

Mukayesa zimenezi n'kukanikabe, tumizani muno zimene lsblk -f yaonetsa pamodzi ndi mizere yomalizira ya dmesg, kuti tione pamene pakutsekera.