Za Nikolskoye wakoyo

Eee msuweni, ndamva. Akuti Nikolskoye amatanthauza chiyani... iwe, Chirasha unayamba kuchikonda liti? Ndikudziwa, ndi phukusi lopita kwa mnyamata uja wa ku Russia, kumudzi wa Nikolskoye. Dikira kaye.

Dzinalo ndi la tchalitchi. Chisanafike chaka cha 1917, mudzi wokhala ndi tchalitchi ankati selo, wopanda tchalitchi derevnya. Tchalitchi chikakhala cha Nikolai Woyera, mudzi ndi Nikolskoye, cha Utatu Woyera, Troitskoye. Mayina ena ndi a munthu, monga ife timati kwa Chimutu. Ivanovo ndi kwa Ivan, Maryino kwa Marya. Ka -ovo ndi -ino ako ndi "kwa" wathu yemweyu, kungoti iwo amamuika kumchira. Sosnovka ndi mitengo ya paini, Gorelovo ndiye kuti panapsa, Pervomayskoye ndi 1 Meyi, za chikomyunizimu zimenezo.

Koma amalume a ku Chipata! Nthawi ya Kaunda ali pasukulu ku Moscow... ayi ndanama, ku Voronezh, ku Moscow anangodutsako. Mnzawo anawaitanira ukwati kumudzi, kapepala kongolemba Aleksandrovka basi. Iwo suti ija, ya pachithunzi cha kwa agogo ija, n'kukwera basi. Kutsika, chikwangwani chikuti Aleksandrovka ndithu, koma mudzi uli zii, ukwati kulibe. Gogo wina n'kuwalowetsa m'nyumba, tiyi, mbatata ya kachewere, nkhaka zamchere zija, anthu kumasuzumira pawindo. Basi yobwerera inali ya mawa. Anagona pamwamba pa uvuni wa njerwa, kumeneko ndiye pogona pofunda, suti ili m'thupi. Aleksandrovka wa ukwatiyo anali boma lina. Mpaka lero ukawafunsa amati ukwati unayenda bwino, hahaha.

Ndiye iwe, a Nikolskoye ndi ambirimbiri, poti Nikolai ndi woyera amene anthu a ku Russia ankamukonda kwambiri, matchalitchi ake ali ponseponse. Dzina lokha silifikitsa katundu. Umuuze mwanayo atumize oblast, ndiye chigawo, kenako rayon, ngati boma, ndi indeks, manambala 6 a positi. Kaya ndi ufa wamangawo kaya usipa, osalemba Nikolskoye yekha ayi. Alembe m'zilembo zawo za Chirasha, iwe ukopere mmene zililimo, osakongoletsa ndi dzanja lako lija. Wamva? Chigawo, boma, manambala 6.