Musanagule firewall, tsatani kaye njira ya kalata

Wowerenga wina, yemwe amayang'anira makompyuta mu ofesi ina ya boma kuno ku Blantyre, watumiza imelo: "Abwana akufuna ndilembe zimene tikufunika kuti mauthenga a ofesi asamatuluke. Ndiyambire pati? Tigule firewall?"

Achimwene, firewall, chida chomwe chimasefa zolowa ndi zotuluka pa netiweki ya ofesi, iyambe yadikira. Tengani makalata asanu achinsinsi, mutsate iliyonse kuchokera pomwe inalembedwa mpaka m'manja mwa mwini wake. Inatayipidwa pa kompyuta ya ndani? Inadutsa pa flash? Ku registry anaigwira anthu angati? Inapita pa imelo ya .gov.mw kapena pa Gmail ya munthu? Mayankho amenewo ndiwo lipoti lanu, ndipo kawirikawiri pobooka pamakhala pa foni.

WhatsApp imabisa uthenga ukakhala panjira, koma ukafika umawerengeka. Memo ikajambulidwa n'kuponyedwa pagulu la anthu 40, ndiye kuti ili m'mafoni 40, ndipo backup (kope losungidwa padera) ya ku Google Drive sikhala ndi chitetezo chomwecho pokhapokha mwini foni atachiyatsa yekha. Onaninso mayina pagulupo. Mupezamo wopuma ntchito, mwinanso wina amene anasamutsidwira ku Mzuzu kalekale. Munthu azichotsedwa tsiku lomwe wachoka, akaunti yake ya imelo n'kutsekedwa.

Kenako gawani zikalata patatu: zoti aliyense aone, za mkati mwa ofesi, ndi zachinsinsi zomwe siziyenera kufika pa foni ya munthu. Aliyense akhale ndi password yakeyake, osati imodzi yomatidwa pakhoma. Nambala yotsimikizira polowa mu imelo izichokera pa app, chifukwa ya SMS imapita kwa wakuba akasinthitsa SIM yanu. Wi-Fi ya alendo ikhale payokha.

Backup ikhale m'malo atatu, ena osalumikizidwa ku netiweki, ndipo muziyesa kubwezeretsa mafayilo miyezi itatu iliyonse. Mu February 2024 Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti anasokoneza makina a mapasipoti n'kumafuna ndalama. Zoterezi zikakugwerani, zulani waya wa netiweki, musafufute kalikonse, mudziwitse Malawi CERT, gulu la ku MACRA lothana ndi ziwembu za pa intaneti, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016.

Musaiwale UPS (batire yosunga magetsi) ya rauta, kabokosi kogawa intaneti mu ofesi. Magetsi akathima anthu amathamangira ku hotspot ya foni, firewall ija n'kuilambalala. Mukamagula firewall, ikaninso mu bajeti ndalama ya layisensi yake, chifukwa ikatha ambiri mwa makinawa amasiya kulandira ma update.