Amayi sangathe kuyenda, ndichite bwanji?

Funso: Amayi anga ali ndi zaka 67 ndipo ali ndi chilolezo chokhazikika kuno ku Joni, koma maondo sakuwalola kukwera taxi kuchoka ku Rosettenville. Ndalama za okalamba za SASSA, bungwe la boma la South Africa lopereka ndalama zothandizira anthu, angazipeze bwanji?

Yankho: Pepani ndi matendawo, achemwali. Poti adutsa zaka 60, akuyenera, bola chuma chawo chisapitirire malire omwe boma linaika. Pitani inuyo ku ofesi ya SASSA m'malo mwawo. Nyamulani kalata yawo yokutumani, kalata ya dokotala, chiphaso chawo ndi umboni wa ndalama zomwe amapeza. Muthanso kuwalembetsa pa intaneti muli pakhomo. Lisiti yomwe akupatseni muisunge bwino ndithu: yankho limatha kutenga miyezi itatu, koma akavomereza amawerengera kuyambira tsiku lolembetsa. Kulembetsa n'kwaulere, wina asakulipiritseni.