Makapisozi m'madzi a nkhuku

Mayi wina wa ku Mponela wandilembera imelo. Akuweta nkhuku za mabuloyila 200, ndipo mnzake wamulangiza kuti zikayamba kuwodzera azitsegula makapisozi a amoxicillin n'kuthira m'madzi akumwa. Funso lake ndi loti kodi pali vuto?

Amayi, mwandigunda pachilonda. Ine ndinakulira kwa agogo ku Ntcheu, ndipo chaka chilichonse kukatentha, cha m'ma Okutobala, chitopa chinkalowa m'mudzi. Agogo ankamasula ndalama pansonga ya chitenje n'kundituma kugolosale kukagula makapisozi aja ofiira mbali ina, achikasu mbali inayo. Tinkawasungunula m'phale. Nkhuku zinkafabe, khosi litapindika, ife n'kumati mankhwala tachedwa nawo. Ndinadzadziwa ndili wamkulu kale kuti chitopa chimayamba ndi vairasi, pomwe makapisozi amapha mabakiteriya okha. Ndalama za agogo zinkangopita m'madzi.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si nkhukuzo. Ndi mwana wanga wamkazi. Tikukhala ku Ndirande anadwala, thupi kutentha sabata yathunthu. Anamuyeza malungo, sanapezeke. Ine, mwa nzeru zanga za kugolosale zija, ndinatenga Bactrim wotsala m'kabati n'kumupatsa masiku 3. Sizinasinthe. Titapita kuchipatala anapeza kuti ndi taifodi, ndipo adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhule. Anandiuza kuti taifodi imene inabuka mu Blantyre kuyambira cha mu 2011 simva Bactrim, simva amoxicillin, simvanso chloramphenicol, mankhwala amene kale ankaichiza bwinobwino. Mwana anachira ndi mankhwala ena, koma manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Anthufe timakonda kunena kuti "thupi langa lazolowera mankhwala amenewa." Ayi. Thupi silizolowera. Ndi mabakiteriya amene amapima. Mukamwa mankhwala osafunikira, kapena ochepa mphamvu, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana popanda wopikisana nato. Choopsa china n'choti mabakiteriya amapatsirana luso lopirirali ngati mmene amayi amapatsirana moto pamudzi. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza kale za kumwa mankhwala operewera polandira mphoto ya Nobel mu 1945. Zaka zonsezi sitinamve.

Ndipo ndinene mosabisa, mtima ukundiwawa: wogulitsa makapisozi 4 kwa munthu wa chimfine, popanda chikalata cha dokotala, akutipha pang'onopang'ono. Ndikudziwa, anthu ena adzati chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, ukafika n'kukuuza kuti mankhwala atha. N'zoona, inenso ndaimapo pamzere wotero kuyambira mbandakucha. Koma umphawi wathu sungasinthe khalidwe la tizilombo. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo Africa ya kumwera kwa Sahara ndiyo inavutika koposa. Kuno kwathu, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth kwa zaka zambiri, ndipo anaona kuti pofika 2016, mabakiteriya a Klebsiella pafupifupi 9 mwa 10 alionse sankamvanso ceftriaxone. Ameneyu ndi jakisoni amene madokotala amadalira munthu akadwala kwambiri, makamaka makanda. Akakanika ameneyu, otsalawo ndi odula ndipo sapezekapezeka.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa wina angandimve molakwika. Achibale athu amene ali pa ma ARV ndipo amapatsidwa Bactrim wa tsiku ndi tsiku, chonde pitirizani. Ameneyo ndi wolembedwa ndi achipatala pa chifukwa chomveka. Chimene ndikudana nacho ndi kugawira mwana wa neba Bactrim yemweyo chifukwa watsegula m'mimba.

Nanga nkhuku zikukhudzana bwanji ndi anthu?

Zitosi. M'matumbo a nkhuku muli mabakiteriya monga E. coli ndi Salmonella. Mukathira amoxicillin m'madzi, otsala amoyo ndi opirira aja. Zitosizo mumakathira kudimba, mvula imazikokolera kuchitsime, ana amasewera pakhola, inu mumatumbula nkhuku ndi manja n'kukhudza ndiwo. Ku China, mu 2015, asayansi anapeza m'nkhumba mabakiteriya osamva colistin, mankhwala amene anthu amapatsidwa zonse zikakanika, ndipo posakhalitsa anapezekanso m'mayiko ambiri. Mayiko a European Union analetsa kupatsa ziweto mankhwala otere pofuna kungozinenepetsa kuyambira mu 2006. Ife tikadathira oxytetracycline m'madzi a anapiye athanzi "kuti asadwale."

Tsono amayi, yankho ndi loti inde, vuto lilipo, musathire. Temerani anapiye katemera wa chitopa ndi gumboro pa nthawi yake, utuchi wa m'khola ukhale wouma, ndipo yodwala muziipatula msanga. Zikayamba kufa itanani alangizi a ziweto aone ngati ndi matenda ofunadi mankhwala. Akakulemberani, tsatirani muyeso ndi masiku ake, ndipo werengani papaketi masiku oyenera kudikira musanagulitse kapena kupha nkhukuzo. Mnzanu uja mumuwerengereko zimenezi, koma za Bactrim wa m'kabati mwanga mukhoza kudumpha.