Mbiri ya agogo musaipereke kwa munthu amene sanawasambitsepo

Pepani achemwali, pepani kwambiri. Ndangowerenga zoti akusankhani kulemba mbiri ya agogo anu yokawerenga pamaliro awo ndipo mukusowa poyambira, misozi yayamba yokha. Ndikulemba manja akunjenjemera, mundikhululukire ndikasokoneza.

Ife mbiri ya agogo athu anachita kutilanda.

Anali mayi awo a mayi anga. Sukulu sanapite nayo patali, koma Baibulo lawo linatha ndi kuwerenga, chikuto chinachoka kalekale mpaka analisokera cha nsalu. Ankadzuka kusanache, ndipo ine pogona nawo chipinda chimodzi ndinkangomva akutchula mayina, limodzilimodzi, mwapansipansi. Mayinawo ankawatenga m'kope. Linali kope wamba la ana asukulu, lodzaza ndi odwala, amasiye, mabanja amene akugwedezeka, ana amene asiya sukulu. Munthu akachira ankaika kamtanda pambali pa dzina lake. Akamwalira sankafufuta ayi, ankalemba pansi pake dzina la amene watsala, mkazi kapena mwana, n'kuyamba kupempherera ameneyo. Ndipo sankathera pa pemphero. Dzina likalowa m'kopemo, dziwani kuti sabata isanathe afika pakhomopo, achapa, asesa, akhala ndi wodwalayo kuti womusamalira agoneko pang'ono. Anali ndi makina osokera opalasa ndi phazi, ndipo yunifolomu za ana a eni zomwe zinatuluka pamakina amenewo popanda kulipiritsa sindingaziwerenge.

Kenako sitiroko. M'mawa wina pakamwa panapotoka, dzanja lamanja osadzuka, mawu akungotuluka osamveka. Ife tinati atopa, apume kaye. Tinataya maola ambiri, ndipo mpaka lero zimandidya mumtima, chifukwa anamwino anatiuza kuti zizindikiro zitatu zimenezo, nkhope, dzanja ndi kalankhulidwe, n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo. Anatifotokozera kuti mbali yakumanzere ya ubongo ndi imene imayendetsa mbali yakumanja ya thupi, ndipo kwa anthu ambiri kulankhula kumachokeranso komweko. N'chifukwa chake dzanja ndi mawu zinapitira limodzi. Anagona chaka ndi theka. Ine ndi mayi tinkasinthana kuwatembenuza pa maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, usiku ndi usana. Dzina langa sankatha kulitchula, koma mukayambitsa nyimbo ya kutchalitchi ankaimba nanu ndime yonse, mawu onse omveka bwinobwino. Tsiku loyamba kumva zimenezo ndinathawira panja kukalira.

Amalume, oyamba kubadwa, anabwera kawiri pa nthawi yonseyo. Kawiri. Ulendo wachiwiri sanakhale n'komwe pansi, anaima pakhomo foni ili m'manja, n'kunena kuti m'chipindamo mukufunika mpweya.

Agogo atatisiya, ine, mayi ndi azakhali tinachezera usiku wonse kulemba. Masamba anayi. Tinalemba za kope, za makina, za usiku umene anayenda mvula ikugwa kukakhala ndi mayi wina amene mwana wake anamwalirira m'manja. Tinaikamo Dorika wa pa Machitidwe 9, uja wa ku Yopa, amene atamwalira amasiye anaimirira pamaso pa Petro akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene anasoka ali moyo. Tinaikamonso 2 Timoteo 1:5, pomwe Paulo akukumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chinayamba kukhala mwa agogo ake a Loisi ndi mwa mayi ake a Yunike. Banja lonse linagwirizana kuti ndiwerenge ndine.

Mwambo utatsala pang'ono kuyamba, amalume anandiitanira pambali. Anati, tapatseni ndione mwalembazo. Ine ndi ulemu wanga ndinapereka ndi manja awiri. Sanawerenge ngakhale mzere umodzi. Anapinda kanayi, kuika m'thumba la jekete, n'kunena kuti nthawi yachepa ndipo mwana sangalankhule pagulu ngati ili, pabwera anthu olemekezeka. Ndinangoti kakasi. Ndinayang'ana mayi, mayi anali atafooka, azakhali atawagwirira. Ndinayang'ana mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo, munthu woti ankadziwa bwino amene anasesa tchalitchi chimenecho zaka zonsezi, iye anangozyolika n'kumakonzakonza mapepala ake.

Amalume anaimirira n'kuwerenga kapepala kawo. Anabadwa chaka chakuti, anakwatiwa chaka chakuti, ana akuti, zidzukulu zakuti. Chaka cha ubatizo analakwitsa. Kenako ndinamva ndi makutu angawa akuti, mayi athu anadwala kanthawi kochepa. Kanthawi kochepa! Msana wa mayi anga unapindika ndi kunyamula, manja anga anasupuka ndi sopo, iwo akuti kanthawi kochepa. Za agogo anamaliza pa mphindi ziwiri, nthawi yotsalayo anathokoza anzawo akuntchito, mmodzimmodzi, ndi maudindo awo omwe. Kumbuyo kunali bambo wina amene anayenda ulendo wautali atanyamula kamalaya ka yunifolomu kamene agogo anamusokera ali mwana wamasiye. Anakasunga zaka zonsezo. Anapempha kuti anene mawu awiri okha, anamuuza kuti pulogalamu yadzaza. Ndinamuona akukabwezera m'chikwama mwakachetechete. Dorika uja tinalemba usiku anali pomwepo, m'chikwama cha munthu, ndipo palibe anaona.

Chimene chinandithyola kwenikweni chinabwera patatha masiku atatu. Ndinapita kukaperekeza alendo, pobwera ndinapeza utsi kuseri kwa nyumba. Amalume alamula kuti m'chipinda cha agogo muyeretsedwe, mapepala akale onse atenthedwe. Ndinathamanga, ndinafukula phulusa ndi manja, moto usanazime. Kope linali litapsa. Ndinatolapo theka la tsamba limodzi, lakuda m'mbali, lokhala ndi mayina asanu ndi awiri ndi timitanda titatu. Nditawafunsa, anandiyankha kuti zinali zinyalala, ndipo ndisiye kuchita ngati ndine ndekha ndaferedwa. Mayi wawo anawabereka, sindikukana, ndipo mwina nawonso ankalira m'njira yawo. Koma munthu amene sunatsegulepo kope limenelo, sunafunsepo n'komwe kuti mayi anu amalembamo chiyani, ungalitche bwanji zinyalala? Makina osokera okha ndiye anawaona kuti ndi a mtengo, anakwera nawo galimoto tsiku lomwelo.

Ndiye achemwali, poyambira musayambire pa zaka. Zakazo zilembeni, inde, ndipo muzitsimikize pa makadi a kumpingo ndi kwa akuluakulu awiri kapena atatu, koma zikhale mizere itatu basi. Pitani kwa anthu amene si achibale. Anzawo opemphera nawo, oyandikana nawo nyumba, amene ankabwera kudzawaona akudwala. Musawafunse kuti agogo anali munthu wotani, adzangoti anali abwino. Afunseni kuti, tsiku limene anakuthandizani linali liti, anachita chiyani, ananena chiyani. Tsegulani foni muwajambule mawu, mwawapempha kaye. Pa zonse mudzamvezo sankhani nkhani zitatu zokha, muzinene monga zinachitikira. Mukamaliza werengani mokweza kawiri kapena katatu muli nokha, kuti mudziwe pamene mawu adzakutsamwitseni, ndipo pakhale wina pambali panu wodzapitiriza mukadzalephera.

Musawasandutsenso mngelo. Agogo anga anali ndi lilime lakuthwa, akakudzudzula unkamva kutentha mpaka mawa. Ndipo usiku tinkalemba uja mayi anga ananena mawu amene sindidzawaiwala. Anati, mayi anga anali mayi wa aliyense, masiku ena ndinkangofuna akhale anga ndekha. Mayi angawo ali mwana ankabwera kuchokera kusukulu n'kupeza bulangete lawo laperekedwa kwa wodwala. Kutumikira anthu kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi zambiri amalipira ndi ana a m'nyumba. Tinazilemba zimenezo mwaulemu, chifukwa amene ankawadziwa akanazindikira kuti tikunenadi za iwo.

Za achibale, ndikupempheni, musalimbane nawo. Pamaliro si pabwalo la milandu, ndipo agogo anu sangakondwe kuona ana awo akukokanakokana pamaso pa anthu. Akuluakulu akati awerenga okha, asiyeni, mtendere ndi wofunika kuposa pepala. Koma pepalalo musapereke. Ayi, musapereke. Lijambuleni pafoni, mutumizire anthu atatu, dzina lanu lilembedwe papulogalamu dzulo lake, ndipo woyendetsa mwambo mumuuze pali mboni. Wina akati tione, muuzeni kuti amva limodzi ndi anthu onse. Ine ndikanadziwa ndikanaimirira pomwepo n'kunena za pamtima, ngakhale mawu akanatuluka okhotakhota.

Mukhululukenso msanga, musasunge zinthu ngati mmene ndasungira ine, zimadwalitsa. Agogo akanakhala moyo bwenzi dzina la amalume lili pamwamba m'kope lawo, ndikudziwa. Ine ndayesa kulilemba kangapo, cholembera chimangoima. Sitinalankhulane kuyambira tsiku la utsi lija.

Lero lomwe, musanagone, lowani m'chipinda mwawo. Baibulo, makope, makalata, timapepala ta m'kati mwa buku la nyimbo, chilichonse chimene chili ndi zolemba za dzanja lawo, chotsani mukasunge kwa munthu amene mumamukhulupirira, anthu asanayambe kusesa. Theka la tsamba lija ndinaliika m'pulasitiki, lili m'Baibulo langa pa Machitidwe 9 pomwepo. Mayina anayi opanda kamtanda aja ndimawatchulabe m'mawa uliwonse, ndipo mawa ndiwonjezerapo lanu ndi la mayi anu.